Mthiko wa Oliyanda

Bambo anga anagwira ntchito ya m'maluwa kunyumba ya manejala wa esiteti ya tiyi zaka zawo zonse zamphamvu. Mawu oti gadeniboyi ankadana nawo, ndipo munthu akawatchula choncho ankangomuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu osamuyankha. Mtima umenewo ndinatengera ine. Ndinatengeranso kudziwa maluwa, ndipo pamenepa sindidzichepetsa ayi: kuchokera pa Chinakanaka mpaka kumudzi kwathu palibe mayi amene angandiphunzitse za duwa. Masiku ano ndimafesa mbande m'timachubu n'kumagulitsa m'mphepete mwa msewu. Wogula akafunsa funso limodzi, ine ndimamuyankha asanu.

Atapuma pantchito, bambo anabwera kunyumba ndi nthambi zokulunga m'nyuzipepala yonyowa. Anaziimika m'mabotolo a madzi mpaka zinatulutsa timizu toyera, kenako anazibzala mondondozana ngati mpanda kuseri kwa nyumba yathu. Anati dzina lake ndi oliyanda. Anthu a m'mudzi dzinalo linkawavuta, ndiye ankangoti maluwa a madala aja.

Oliyanda alibe thunthu limodzi ngati mtengo. Amaphuka nthambi zambiri kuchokera pansi, zowongoka ngati mabango, ndipo akakhwima amapitirira msinkhu wa munthu. Masamba ake ndi aatali, osongoka, olimba, ndipo amamera atatuatatu mozungulira mfundo iliyonse. Ukawathothola, pamfundopo pamatsala zipsera zitatu. Maluwa amabwera m'magulu kunsonga, ena ofiirira ena oyera, ndipo alibe nazo ntchito kaya kuli dzuwa la Okutobala kaya chiperoni. Akafota pamabwera timakoko titalititali tonga chitheba, tomwe timang'ambika n'kuulutsa njere zaubweya. Ukathyola nthambi pamatuluka utomoni womata zala.

"Ichi n'cha maso basi," ankatero bambo. "Tsamba, duwa, khungwa, muzu, ngakhale utsi wake, zonse ndi poizoni. Chimalunjika kumtima."

Nthambi zodulira sankazitaya kudzala kapena kuzisonkhezera pamoto. Ankazikwirira m'dzenje, chifukwa mbuzi imakana tsamba laliwisi koma louma losakanikirana ndi udzu imadya. Komabe sikuti analibe nacho ntchito chomeracho. Galu akagwidwa mphere ankawiritsa masamba n'kumusambitsa madziwo, atamumanga kukamwa kuti asadzinyambite. Madzi omwewo ankawaza m'khola la nkhuku kukagwa utitiri. Chitini chowiritsiramo chinkakhala chopachika kudenga la khola, ndipo sichinalowepo m'khitchini. Zonsezi anandiphunzitsa ine, mwana wawo woyamba, ndipo nditazidziwa ndinazisunga ngati katundu wangawanga.

Tsopano ndinene za mlamu wanga. Mchimwene wanga wamng'ono ndi kapitawo wa othyola tiyi ndipo amakhala m'nyumba ya kampani. Anakwatira mkazi wa ku Ntcheu, n'kubwera naye kuno. Kwathu kuno mwamuna ndiye amapita kukakhala kwa mkazi, ndiye nkhani yobweretsa mkazi wakutali sinawasangalatse akuluakulu. Amalume, omwe ndi eni mbumba yathu, ananena poyera pa chinkhoswe kuti ukwatiwo sakuuona bwino. Mkaziyo anamva, anangowerama.

Ndi munthu wofatsa, wochedwa kuyankha, ndipo ine anthu ochedwa kuyankha amanditopetsa. Kwa zaka zisanu ndi zinayi ndinkamuseka. Ndinkamuseka kayankhulidwe kake, kapalidwe kake ka chinangwa, ndi momwe ankazizidwira chiperoni chikagwa. Koposa zonse ndinkamuseka pa kalongonda.

Wosadziwa kalongonda amve. Ndi nyemba zikuluzikulu zomwe ife Alomwe timazikonda, koma zimafuna ulemu. Umaziwiritsa, kuzisenda makoko, kutaya madzi, kuthira ena, n'kuziwiritsanso pafupifupi tsiku lathunthu. Ukachita changu, odya amamva chizungulire n'kusanza. Mkazi amene kalongonda wake wazunguza anthu mitu sayendanso momasuka kuchitsime. Mlamu wanga anaphunzira kuphika kwa anzake a m'nyumba za kampani, osati kwa ine, pakuti ine ndikanatha kumuphunzitsa koma sindinafune. Anthu ankati amaphika bwino. Ine sindinalawepo. Akandipatsa ndinkati ndakhuta.

Bambo atamwalira tinawaika kumanda a kwathu kuno, poti kwawo ku Milange kunalibenso wachibale wotsala. Patatha zaka zitatu tinawamangira chiliza, ndipo tsiku lovundukula linali Loweruka. Pogawana ntchito, mlamu anapempha yekha kuti aphike kalongonda. Amayi aang'ono, mng'ono wawo wa malemu mayi anga, anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana kumwamba. Tinamulola. Ndikudziwa kuti ankafuna kuti mudzi wonse udye, uvomere kuti mkazi wa ku Ntcheu uja tsopano ndi wa pano.

Ine ntchito yanga inali nkhata. Amayi a kumpingo anati abweretsa maluwa a kwawo, koma ine ndinakana kuti pamanda a bambo anga pakhale maluwa otola m'mipanda ya anthu. Lachisanu masana ndinavala majumbo a pulasitiki kumanja, ndinadula nthambi za oliyanda zonyamula maluwa ambiri, ndinathothola masamba, n'kubudula nsonga zamaluwazo. Nkhata ndinaluka ndekha, osalola wina kugwira. Zinatuluka zokongola, ndipo amene anaziona angavomereze. Nthambi zotsala ndinaziunjika kuseri kwa khitchini kuti ndikazikwirire dzuwa likapepa. Ndili pomwepo anafika alendo ochokera ku Muloza, ndinathamanga kukawalandira, ndipo za nthambi zija zinandichoka m'mutu. Mulu wa nkhuni za mwambo unali pafupi pomwepo.

Mwambo unayenda bwino. Abusa anapemphera, nsalu inachotsedwa, nkhata zanga zinagona pachiliza. Titabwerera kunyumba anthu anadya. Kalongonda anali wophikira m'diramu lodula pakati, ndipo anatha msanga kuposa nyama. Amalume, amene kalongonda amamukonda kuposa china chilichonse, anaitanitsa kawiri, kachiwiriko anawapatsa wa pansi penipeni ndi msuzi wake wokhuthala. Ndinawamva ndi makutu anga akunena kuti, "Koma mtsikanayu waphika." Mlamu anamwetulira, n'kubisa nkhope m'chitenje.

Dzuwa lisanalowe anthu anayamba kupita kuseri mmodzimmodzi. Ena ankasanza, ena kutsegula m'mimba, ena ankangoti nyumba ikuzungulira. Ambiri zinawapepukira atamwa madzi n'kugona pang'ono. Amalume okha anagwa pamkeka thukuta lili kamukamu, milomo itauma. Mchimwene wanga anawakweza panjinga yamoto, wina atawagwirira kumbuyo, ulendo wa kuchipatala cha ku Mishoni. Mlamu nayenso anasanza kangapo, poti pophika ankalawa. Amayi aang'ono anati akunamizira.

Poyamba nkhani inali yakuti kalongonda sanapse. Imeneyo inali ya manyazi chabe. Koma mchimwene ataimba foni kunena kuti adokotala akudabwa ndi mtima wa amalume, kuti ukugunda pang'onopang'ono ngati ukufuna kuima, nkhani inatembenuka. Amayi aang'ono anati adya kalongonda wosapsa kangapo pa moyo wawo ndipo sanamvepo kuti amagwira mtima. Wina anakumbutsa mawu a amalume a pa chinkhoswe paja. Wina anafunsa chifukwa chake mkaziyo anachita kupempha yekha kuti aphike, ndi chifukwa chake amalume anapatsidwa wa pansi. Pofika nthawi yoyala mphasa, mudzi wonse unali utagwirizana kuti mlamu wanga anathira mankhwala. Ine sindinanene kuti anathira. Ndinanena kuti, "Ine n'chifukwa chake sindidya." Mawu amenewo anayenda kwambiri kuposa ena onse.

Lamulungu m'mawa ndinapita kukatsuka ziwiya. M'diramu muja ndinapezamo mthiko wachilendo, wautali, wowongoka bwino. Mbali yolowa m'chakudya inali yosendedwa ndi mpeni ndipo inali itada chifukwa chowira nthawi yaitali. Mbali yogwira inali ndi khungwa lake. Ndinayendetsa chala pamfundo yoyamba n'kupeza zipsera zitatu. Pamfundo yachiwiri, zitatu. Ndinasuzumira kuseri kwa khitchini, mulu wa nthambi zanga uli pomwe ndinausiya, utaphwasulidwa pang'ono.

Sindinafunikire wondiuza. Mthiko wa masiku onse ndi waufupi, sufika pansi pa diramu. Pa mwambo uliwonse amayi amasankha kamtengo kowongoka pa mulu wa nkhuni, kukasenda, n'kuvundulira. Aliyense wa ife anachitapo zimenezo. Mlamu anasankha kamtengo kowongoka kuposa tonse, kakakuwisi, ndipo anakasiya m'diramu kuyambira mbandakucha mpaka masana. Akanadziwa bwanji? Zaka zonse zija ankadutsa pampanda umenewo, ine osamuuzapo ngakhale tsiku limodzi kuti ndi chiyani.

Ndinachita mantha, ndipo ndinachita manyazi, koma manyazi ndi amene anakula. Ndinathyola mthikowo pabondo, ndinakulunga zidutswazo m'chitenje changa, nthambi zija n'kukazikwirira msangamsanga.

Chinthu chimodzi ndinachita bwino, ndipo ndichinene poti zoipa ndikuzinenanso. Tsiku lomwelo ndinakwera kabaza kupita kuchipatala. Ndinawapeza amalume ali pa diripi, maso ali pakatikati. Ndinawatsatira adokotala pakhonde, n'kuwaonetsa chidutswa cha mthiko ndi tsamba lomwe ndinathyola pampanda. Anachitembenuza, anandifunsa mafunso angapo, kenako anati zimenezi zikugwirizana ndi zomwe akuona pa mtima wa wodwalayo, ndipo ndachita bwino kubwera. Mawu oti ndachita bwinowo ndinawanyamula ngati mphatso. Pobwerera ndinadziuza kuti udindo wanga ndakwaniritsa, amalume achira, ndipo nkhani ya kumudzi izizira yokha monga zimazizirira nkhani zina.

Sinazizire. Lolemba amayi aang'ono analamula kuti mlamu asachoke pamudzi mpaka eni mbumba atatuluka m'chipatala. Anamupatsa kachipinda ka m'nyumba ya malemu mayi anga. Mbale yake ndi kapu yake zinaikidwa padera. Atanyamula ndowa kuti akatunge madzi, wina anamulanda mwakachetechete n'kuitsuka. Ana ake awiri anatengedwa kukagona kwa amayi aang'ono, ati kuopa ngozi. Mchimwene wanga ankachoka kuntchito n'kudzakhala pakhonde atagwira mutu, osalowa kwa mkazi wake, osapitanso kwa ife. Lachiwiri ankhoswe a ku Ntcheu anaimbiridwa foni kuti abwere adzatenge munthu wawo.

Masiku awiri amenewo ndinali wotanganidwa modabwitsa. Ndinapalira mbande zosafunika kupalira. Ndinapita ku Chinakanaka kukagula zinthu zomwe ndinali nazo kale. Zidutswa za mthiko zinali pansi pa matiresi anga. Chomwe ndinkaopa ndinkachidziwa bwino: ine amene ndimadzudzula anthu pamsewu kuti sadziwa kusamala maluwa, ine mwana wa madala aja, ndikaime pakati pa mbumba n'kunena kuti ndinasiya poizoni pa mulu wa nkhuni pa tsiku la chiliza cha bambo anga. Ndinkayeza manyazi anga ndi ukwati wa mkazi uja, ndipo kwa masiku atatu manyazi anga ndi amene ankalemera. Palibe njira yokometsera zimenezi.

Amalume anatuluka Lachiwiri madzulo, ataonda koma akuyenda okha. Lachitatu m'mawa tinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala. Ankhoswe awiri a ku Ntcheu anakhala pabenchi, zipewa zili m'manja. Mlamu anakhala pansi payekha, miyendo atatambasula, chikwama chake chomangamanga chili pakhomo la kachipinda kaja.

Amayi aang'ono anayankhula nthawi yaitali. Atamaliza, amalume anatembenukira kwa mlamu.

"Mayi, ine ndabwerera panjira. Sindikufuna zambiri. Mungondiuza, munathiramo chiyani m'diramu muja?"

"Kalongonda, madzi ndi mchere," anayankha.

"Basi?"

"Basi, amalume."

Sanalire, sanalumbire. Atayankha anatukula mutu n'kuyang'ana ine. Sanayang'ane mwamuna wake kapena ankhoswe ake. Anandiyang'ana ine, modekha, monga momwe munthu amayang'anira basi yomwe akudziwa kuti ibwera.

Ndinadzuka, ndinakalowa m'nyumba, n'kubwera ndi zidutswa zija ndi nthambi yaiwisi yomwe ndinathyola podutsa pampanda. Ndinagwada patsogolo pa amalume n'kuziika pamkeka moyandikana.

"Amalume, werengani zipsera pamfundo apa. Muwerengenso apa. Uwu ndi mthiko womwe unavundula kalongonda. Ndi mtengo wa maluwa a bambo. Ndinadula ndine, ndinausiya pankhuni ndine. Alamuwa anangotola monga timatolera tonse. Adokotala ndinawaonetsa, anavomereza kuti n'chimenechi chinakugwirani mtima."

Kuyankhula ndimatha, ndipo nditayamba ndinafotokoza zonse, za utomoni, za mbuzi, za chitini cha kudenga la khola. Amayi aang'ono anayesa kunena kuti mwina mkaziyo anasankha mtengowo dala. Ndinawafunsa ngati iwo, amene akhala moyang'anizana ndi mpandawo zaka zonsezi, ankadziwa kuti ungaphe munthu. Anati ankangodziwa kuti madala aja sankafuna kuti ana aziseweretsa. Ndinati ndiye mlendo akanadziwira kuti. 

Amalume anagwira chidutswa chija nthawi yaitali. Kenako anafunsa funso lomwe ndinkaliopa.

"Adokotalawo unawaonetsa liti, mwanaka, mwana wanga?"

"Lamulungu."

"Lero ndi lachingati?"

Amalume sanadikire yankho. Anatembenukira kwa ankhoswe n'kupepesa m'dzina la mbumba yonse, mawu omwe sindinawamvepo pakamwa pawo chibadwire. Anauza mchimwene wanga kuti akatenge ana, anyamule chikwama cha mkazi wake, abwerere naye kunyumba kwawo. Za ine anagamula mwachidule. Mpanda uja uzulidwe wonse sabata isanathe, ndipo auzule ndi amene anaudziwa.

Pamenepo ndinafuna kutsutsa, chifukwa mpaka lero ndimanena kuti chomeracho chinalibe mlandu. Chinakhala kuseri kwa nyumba yathu zaka zambiri bambo ali moyo osapweteka ngakhale nkhuku. Koma ndinaona kuti tsiku limenelo pakamwa panga panali patagwira kale ntchito yokwanira.

Ndinayamba Lachisanu m'mawa, ndekha, ndi khasu ndi chikwanje. Oliyanda wokhwima sazuka mwamasewera. Mizu yake imapita pansi ndi m'mbali, ndipo ukasiya kachidutswa kamaphukanso. Dzenje lokwiriramo ndinakumba kumapeto kwa munda, poti kuwotcha sikukanatheka. Pofika masana ndinali nditazula zitsa ziwiri zokha, manja atatuluka matuza mkati mwa majumbo, ndipo ndinkalira. Ndinkalirira bambo anga, amene anabwera ndi nthambi zimenezi m'nyuzipepala ngati chinthu chokhacho chomwe anapata pa ntchito yawo yonse.

Ndinamva khasu lina likugunda kumapeto ena a mpanda. Anali mlamu. Anali atachoka ku esiteti wapansi, khasu lake paphewa. Sanandipatse moni. Ndinamutengera majumbo awiri n'kumuuza kuti avale, asadzigwire kumaso, ndipo akamaliza asambe ndi sopo. Aka kanali koyamba kumuuza kanthu kothandiza. Anavala.

Tinakumba mpaka tinakumana pakati, patatsala chitsa chimodzi. Tinakhala pansi kuti tipume. Ndinali nditakonza mawu ambiri opepesa, abwino ndithu, ndipo ndinayamba kuwayala. Anandisiya ndiyankhule pang'ono, kenako anandidula mofatsa.

"Alamu, Lamulungu lija ndinakuonani. Ndinali pawindo. Munawerenga ndi chala, munathyola pabondo, munabisa m'chitenje."

Khasu linandipulumuka m'manja.

"Ndiye munkadziwa masiku onse aja? Bwanji osanena?"

"Poyamba sindinamvetse. Nditaona mukukwirira nthambi zija mothamanga, m'pamene ndinazindikira." Anavula jumbo limodzi n'kupukuta thukuta ndi mkono. "Koma ndikananena ine, akanamva ndani? Akanati Mngoni uja wayamba kunamizira mwana wa pakhomo. Ndinangoti ndidikire, mwina anena okha."

"Ndikanapanda kunena?"

"Ndikanapita kwathu. Ana ndikanawasiya, poti munali mutawatenga kale."

Ananena zimenezi mopanda mkwiyo, ngati akunena za mtengo wa feteleza.  Iye anavalanso jumbo lija, anadzuka, n'kupita pa chitsa chotsalacho.

"Bwerani mugwire uko," anatero. "Ndikufuna ndikafike ana asanagone."